Mvula ikayamba usiku ndimanjenjemera: kodi chikhulupiriro changa chinazilala?

Mayi wina wa ku Blantyre watilembera imelo. Akuti chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe, mvula ikangoyamba kugunda pamalata usiku tulo timawathera, mtima n'kumathamanga. Anzawo ena akutchalitchi amawauza kuti Mkhristu weniweni saopa.

Mayi, chikhulupiriro chanu sichinazilale, ndipo anzanuwo akukusenzetsani katundu wosafunika. Pa Masalimo 56:3 Davide sakunena kuti saopa. Akuti tsiku lomwe mantha amugwira adzadalira Mulungu. Thupi lanu linaona zoopsa, ndiye likamva phokoso longa la usiku uja limadzidzimuka lokha musanaganize n'komwe.

Zikayamba, musalimbane nazo chogona mumdima. Khalani tsonga, mapazi pansi, tochi yoyatsa. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6. Kutulutsako kuzitalikirapo chifukwa ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Pokoka nenani chamumtima kuti "Mulungu ndiye pothawirapo pathu", potulutsa "ndi mphamvu yathu", mawu a pa Masalimo 46:1. Chitani choncho mphindi zisanu. Vesilo mulilowezeretu masana. Munthu akunjenjemera sangafunefune tsamba m'Baibulo, ndipo pemphero lalitali limamubalalikira.

Koma pemphero lili ndi mnzake. Adani ataopseza omanga linga la Yerusalemu, Nehemiya 4:9 akuti anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Ulonda wanu ndi uwu: chiphaso cha unzika, mabuku akuchipatala, makadi a ana, mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku ndi kandalama pang'ono zikhale m'jumbo yomanga bwino, pafupi ndi khomo. Foni izigona ndi moto. Mverani a zanyengo pawailesi kamodzi madzulo, osati kuchezera pa WhatsApp kuonera mavidiyo a madzi osefukira, omwe ambiri amakhala akale kapena a kwina. Gwirizanani ndi apabanja ndi aneba za kothawira ndi njira yodzera. Ngati nyumba ili motsetsereka kapena m'mbali mwa mtsinje ndipo chenjezo laperekedwa, chokani kukadawala. Kukakamira pamalo oopsa poti Mulungu ateteza ndi kumuyesa.

Cholakwika chomwe chimabwerezedwa kwambiri ndi kusala kudya masiku otsatizana n'kumachezera kupemphera. Njala ndi kusagona zimakulitsa mantha. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha imfa, mngelo anayamba wamupatsa mkate ndi madzi, iye n'kugonanso (1 Mafumu 19). Chenjeraninso ndi okugulitsani madzi kapena mafuta odzozedwa. Botolo likatha mantha amabwerera, ndalama zitapita.

Musasenze nokha. Sankhani munthu mmodzi wokhwima, kaya wa kumphakati, ku Mvano kapena ku Dorika, yemwe mungamuimbire pakati pa usiku osachita manyazi.

Ndipo poti papita nthawi yaitali chonchi, ngati mukulotabe zoopsa, kulephera ntchito kapena kudya, pitani kuchipatala mukafunse woona za matenda a maganizo. Ku Blantyre thandizoli lilipo ku Queen Elizabeth. Maganizo odzipweteka akabwera, uzani munthu ndi kupita tsiku lomwelo.