Funsani Azakhali a ku Fiyeta: "Akuti ndizikatsuka mbale za madokotala"

Makalata a mwezi uno onse atatu achokera kwathu kuchigwa cha Shire, ndipo mwangozi onse akukhudza kachipinda kotsukira ndi kuphika zipangizo za ku fiyeta (kochitira opaleshoni) kamene ndinagwiramo ntchito zaka zambiri ndisanapume, nde mundikhululukire ndikatalikitsa.

FUNSO: Zikomo azakhali. Ine ndi mtsikana wa zaka 23, kwathu ndi ku Ngabu. MSCE ndinakhoza koma mapointi ake osati oti nkupita nawo ku unamwino, nde ndakhala ndikungogulitsa mandasi pamsika mpaka mwezi watha pomwe ndapeza mwayi wa u hospital attendant pachipatala china konkuno. Andiuza kuti ndizikagwira kuchipinda chotsukira ndi kuphika zipangizo za ku fiyeta. Vuto amalume anga akundiseka ati ndizikatsuka mbale za madokotala, mayi nawo akuopa kuti nditenga kachilombo poti ndi zamagazi. Ndipite kapena ndidikire ina? Ndine mwana wanu wa ku Ngabu.

YANKHO: Mwana wanga pita, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amalumewo asiye aseke, koma ndikuuze, pa nkhani ya mbaleyo sananame kwenikweni ayi. Ntchito imeneyi mbali yaikulu ndi kutsuka basi. Anthu amaganiza kuti mwini nkhani ndi makina, pomwe makinawo amangomalizitsa zomwe manja ako ayamba.

Opaleshoni ikatha amakubweretsera seti yonse mu tileyi, masizasi, ma forceps (zopanira), chogwirira singano, zonse magazi okhaokha. Usazisiye ziume, ndipo ndi kutentha kwa kwathu kuno mu Okotobala magazi sachedwa kuuma, ukangoti ndikamwe kaye madzi ubwera upeza agwira ngati nkhoko za nsima. Chilichonse chotseguka ngati sizasi umachitsegula, nkulowetsa kabulashi m'timano timeneti ndi polumikizira paja, madzi a sopo, kutsukuluza, kupukuta, kenako nkuchikweza pakuwala kuchiyang'ana chimodzichimodzi. Chifukwa chake nchakuti nthunzi imapha tizilombo pokhapo pomwe yakhudza, pansi pa kamagazi kouma siifika, nde chitsulo chosatsuka bwino ngakhale uchiphike tsiku lonse chituluka chili ndi zake.

Zikauma umazikulunga mu nsalu kapena pepala lake, kumata tepi, kulemba tsiku, nkulowetsa mu autoclave. Imeneyi ndi poto wamkulu wotseka mwamphamvu woti nthunzi isatuluke, anaipanga ndi Charles Chamberland mu 1879 ku France, munthu amene ankagwira ntchito ndi Louis Pasteur. Manambala awa uwaloweze ngati Atate wathu wakumwamba: madigiri 121 kwa mphindi 30 ngati zipangizo ndi zokulunga, makina ena amakono amafika madigiri 134 ndipo pamenepo mphindi zitatu kapena zinayi zakwana. Koma mphindizo umayamba kuwerenga kutentha kukafika pa nambalayo, osati pomwe wayatsira. Ikamaliza uzisiye ziume, paketi yotuluka yonyowa timaiona ngati sinaphikidwe chifukwa chinyezi chimakoka tizilombo kulowa nato mkati. Ndipo usathithinikize mapaketi ngati matumba a thonje pa lole, nthunzi imafuna mpata woyendamo.

Za tepi ija ndiime kaye. Ili ndi mizere yomwe imada ikamva kutentha, ndipo ongoyamba kumene amaikhulupirira kuposa m'busa wawo. Tepi imangokuuza kuti paketi yalowako kumoto, siikuuza kuti mkati mwapsa. Usiku wina pachipatala china chomwe sindichitchula, magetsi anatithimira makina ali pakati, jenereta nayo inachedwa kulira. Titatsegula tepi inali yada kale bwinobwino. Kunja a clinician akugogoda kufuna seti, ineyo ndinali namwino wongoyamba kumene ndinangoti kakasi, mtima ukuti ingoperekani poti mizere yada. Koma bambo wina wachikulire, attendant wopanda pepala lililonse la sukulu, anaima pakhomo nkunena kuti iyi sinapse, sindipereka. Anakalipidwa, sanasunthe. Anathamanga yekha kukabwereka seti ku matenite, yathu ija nkuyambiranso pa ziro. Munthu akanaipereka palibe akanadziwa, bala likanachita mafinya patatha masiku angapo anthu nkumati kaya ndi thukuta kaya wodwalayo sakudzisamala. Ngati uli ndi mtima wotha kukaniza bwana mwaulemu ngati bambo amene uja, ntchitoyi ndi yako. Ngati ndiwe wa bola zatha, pempha akusinthe ukakolope ku wodi.

Tsopano za mayi. Mantha awo ndi omveka koma uwauze kuti pali njira. Uzivala magolovesi okhuthala aja ofika m'kasukusuku osati opyapyala opimira odwala, apuloni ya pulasitiki, masiki, magalasi otchinga maso ndi majombo. Ndikudziwa kuti pa Ngabu masana zimenezi ndi chilango, thukuta limadzaza mu golovesi mpaka zala kuchita makwinya, komabe usavule. Usapise dzanja mu beseni lomwe sukuona pansi pake. Mipeni ya opaleshoni ndi masingano zimayenera kutayidwa mu safety box, bokosi lotayamo zakuthwa, konko ku fiyeta, koma anthu amaiwala, nde seti iliyonse uzithira pa tileyi uione kaye ndi maso.

Ndipo chomwe mayi sakuchidziwa, pa ntchitoyi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi osavuta kutenga kuposa HIV, kachilombo kake kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Katemera wake alipo, majakisoni atatu, ufunse sabata yoyamba yomweyo. Ukadzibaya kapena kudzicheka, tsuka ndi sopo pamadzi oyenda, osafinya bala, ndipo kanene nthawi yomweyo usachite manyazi. Pali mankhwala a PEP oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 koma bwino tsiku lomwelo, ndipo umamwa masiku 28.

Kena kakang'ono, ife tinaphunzitsidwa kuviika zipangizo mu kolorini wa 0.5% kwa mphindi 10 tisanatsuke. Malangizo a WHO a 2016 anati zoviika musanatsukezi zisiyidwe poti kolorini amadya zitsulo. Iwe tsatira zomwe asisita a ku fiyeta akuuze, koma ngati pamalopo akuviikabe usamaiwale seti mu ndowa mpaka kukadya nkhomaliro, masizasi amabuntha ndi kuchita dzimbiri, ndipo ndi odula zedi.

Malipiro sindikunamiza ndi ochepa. Koma uli mkati, ukuona, ukuphunzira mayina a zipangizo. Lembanso masayansi a MSCE ukonze mapointi, sukulu ya anamwino ya Trinity ili pa Muona pompa, Malawi College of Health Sciences ilinso ku Blantyre ukangokwera phiri. Ndaonapo ma attendant akubwerera atavala yunifolomu yoyera.

FUNSO: Mayi, akazi anga anawapatsa tsiku la opaleshoni ya chotupa, tinanyamuka ku Bangula m'mamawa atasala kudya usiku wonse, kufika kuchipatala akuti mubwerenso zipangizo sizinapse magetsi anavuta. Transipoti yapita pachabe. Kodi sangangotunga madzi pa mjigo nkuwiritsa pambaula ngati momwe ankachitira azamba kale? Ndine bambo wokhumudwa.

YANKHO: Pepani bambo, zimapweteka, makamaka ndalama yoyendera ndi njala ya mayiwo. Akanayenera kukufotokozerani bwino osati kungokubwezani ndi mawu awiri. Koma pa kuwiritsapo ndikukanizani. Madzi a mumphika akafika madigiri 100 amathera pomwepo ngakhale musonkhezere makala thumba lonse. Kuwiritsa mphindi 20 kumapha tizilombo tambiri inde, koma tilipo tina timadzitsekera mu kachikamba kolimba, monga toyambitsa kafumbata, timeneto timatuluka tamoyo. Nchifukwa chake kale makanda ambiri ankafa ndi kafumbata wolowera pa mchombo. Chitsulo cholowa m'mimba mwa munthu chimafuna nthunzi yopanikizidwa ija basi.

Za mjigozo inu nomwe mukudziwa madzi athu. Mijigo yambiri kuchigwa kuno ndi yamchere, tayang'anani mkati mwa ketulo yanu muone zoyera zomwe zamatirira. Zimenezo zikalowa mu autoclave zimatseka timapaipi, kupsereza element yotenthetsa madzi ndi kusiya mawanga pa zipangizo, nde makinawa amafuna madzi osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, aja a distilled. Ine makina omwe ndinawaona atafa ambiri anaphedwa ndi madzi osati ukalamba.

Magetsi nawo mukukumbuka Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira ku Chikwawa konkuno, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kunatenga chaka ndi miyezi. Autoclave yaikulu imadya magetsi kwambiri. Zilipo zing'onozing'ono zokhala ngati pressure cooker zoika pa gasi kapena pa sitovu, zimathandiza m'zipatala zazing'ono, koma maseti a tsiku lonse la fiyeta sizingakwanitse. Ndiye maseti opsa akatsala ochepa amasungira zadzidzidzi, mayi wofunika siza pakati pa usiku kapena munthu woti ng'ona yamugwira ku Shire, ndipo opaleshoni yochita kupangana tsiku ngati ya mayi akunyumbawo ndi imene imasunthidwa. Ulendo winawu pemphani nambala ya ku wodi muimbe dzulo lake musanakwere minibasi. Koma chonde tsiku latsopanolo musaliphonye, ndipo ululu ukakula kapena akayamba kutaya magazi musadikire tsikulo.

FUNSO: Ine ndimameta pa Nchalo. Makasitomala ena a ku kampani ya shuga amavuta ati makina anga si oyera. Ndingapite nawo kuchipatala akandiphikire mu makina anu aja?

YANKHO: Achimwene ayi ndithu hahaha. Inu simudula munthu m'mimba. Mukameta munthu chotsani tsitsi lonse m'mano a makina ndi kabulashi, pukutani ndi spirit wokwanira mudikire aume, ndipo muzichita pamaso pa kasitomala aone yekha. Lezala aliyense yake yatsopano, mutsegule iye akuona. Mukamucheka munthu makinawo ayambe atsukidwa bwino asanakhudze mutu wina. Koma mu autoclave musayerekeze, muli pulasitiki ndi mawaya mmenemo, adzatuluka ngati switi yoiwalika m'thumba pa dzuwa la Nchalo.