Ngaka ili pamndandanda, nanga ndere bwanji palibe?

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wanditumizira imelo. Mwana wawo kusukulu amuuza kuti ayerekeze ndere ndi nyama yoyamwitsa. Anasankha ngaka, napeza kuti ili pamndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chakutha, koma za ndere sanapeze kanthu. Funso lawo n'lakuti: kodi ndiye kuti ndere zili bwinobwino?

Ayi mayi, musamulole mwanayo alembe choncho.

Za magulu n'zosavuta. Ngaka ndi nyama yoyamwitsa ngakhale ili ndi mamba, gulu lake ndi Pholidota, ndipo ya kwathu ku Malawi ndi kuno ku South Africa dzina lake la sayansi ndi Smutsia temminckii. Ndere zofewa zija zomera pakhoma lachinyezi ndi zomera za gulu la Bryophyta. Zilibe maluwa, mbewu, ngakhale mizu yeniyeni. Madzi zimamwera m'timasamba take. Padziko lonse zilipo mitundu pafupifupi 12,000. Mvula ikagwa, weramani muone m'ming'alu ya msewu woyenda pansi: timiyulu tobiriwira motuwirako timene mungaone nthawi zambiri ndi Bryum argenteum.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Bungwe la IUCN, lomwe limaunika zamoyo za padziko lonse n'kulemba mndandanda uja, linaunika pafupifupi nyama zonse zoyamwitsa, ndipo ngaka yathu linaiika m'gulu la Vulnerable, kutanthauza zamoyo zomwe zikhoza kutha. Zifukwa zake n'zoonekeratu. Imabereka mwana mmodzi pachaka. Ikaopsezedwa imangodzipinda, wozembetsa n'kuitola. M'mafamu a kuno imadzikulunga pawaya wamagetsi mpaka kufa. Mu 2016, msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) womwe unachitikira konkuno ku Sandton unaletsa malonda a ngaka zonse pakati pa mayiko.

Ndere zilibe wozilankhulira. Mitundu yambiri sinaunikidwe n'komwe, chifukwa akatswiri ake ndi ochepa ndipo kuti usiyanitse mtundu wina ndi unzake pamafunika maikulosikopu. Koma ku Europe atakhala pansi n'kuwerenga ndere ndi abale ake mu 2019, anapeza kuti mitundu 22.5 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa dambo likaphwetsedwa ndere zake zimatha popanda wolemba dzina.

Bryum argenteum yeniyeniyo musaidere nkhawa, yafalikira dziko lonse. Mwanayo alembe zimenezo, koma awonjezere kuti kusapezeka pamndandanda kumatanthauza kuti sanaunike. Loweruka lina mupite naye ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, akaone ndere za pamiyala yonyowa ya pamathithi a Witpoortjie, azijambule pafoni osazizula.