Kodi James Watt "anatulukira" injini ya nthunzi?

Funso: Ndine mphunzitsi. Pofotokozera ana za James Watt ndinalemba pa bolodi kuti "anatulukira injini ya nthunzi," koma mnzanga akuti ndinalakwitsa. Cholakwika n'chiyani?

Aphunzitsi, mnzanuyo akunena zoona, ndipo vuto lagona pa mneni. Kutulukira ndi kupeza chinthu chimene anthu sankachidziwa. Watt anabadwa mu 1736 ku Greenock, ku Scotland, pamene injini ya Thomas Newcomen inali itayamba kale kupopa madzi m'migodi ya ku England kuyambira mu 1712. Anaipeza ikugwira ntchito, ndiye sangakhale woitulukira.

Ena amathawira ku mneni wakuti "anakonza," koma nawonso ngoterera. Kwa ife kukonza nthawi zambiri ndi kubwezeretsa chimene chawonongeka. N'zoona kuti nkhani yonse inayamba pamene anamupatsa kainjini kophunzitsira ka mtundu wa Newcomen kuti akakonze, ku yunivesite ya Glasgow. Koma zimene anachita pambuyo pake n'zoposa pamenepo. Mu injini ya Newcomen ankathira madzi ozizira m'silinda momwemo (chitsulo chonga mgolo momwe nthunzi imalowa) kuti nthunzi isanduke madzi, mpweya wakunja n'kukankhira pansi pisitoni (chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika m'silindamo). Silinda ikazizira inkafunika kuitenthetsanso, ndipo malasha ambiri ankangothera pomwepo. Mu 1765 Watt anaganiza zoti nthunzi izituluka n'kukazizirira m'chiwiya china chapambali, silinda izikhala yotentha nthawi zonse. Amene munaonapo potcheza kachasu mwamva msanga: mphika umakhala pamoto, nthunzi imakasanduka madzi kwina, m'paipi yodutsa m'madzi ozizira. Apa tsopano mneni wanu uja akukwana: Watt anatulukira njira yoziziritsira nthunzi pambali. Mu 1769 analandira chikalata cha boma choletsa ena kubera nzeruyo, ndipo mu 1775 anayamba bizinesi ndi Matthew Boulton ku Birmingham. Injini zawo zinkadya malasha osakwana ngakhale theka la amene za Newcomen zinkadya, n'chifukwa chake eni migodi ya ku Cornwall, kumene malasha anali odula, anazithamangira. Kuyambira mu 1781 injiniyo inayamba kuzungulitsa gudumu m'malo mongopopa, motero inalowa m'mafakitale a thonje.

Pa bolodi lembani kuti: "Watt anasintha kapangidwe ka injini ya nthunzi kuti isamawononge malasha komanso iziyendetsa makina a m'fakitale." N'chachitali, inde, koma sichinamiza mwana.

Funso: Kodi tinene injini ya nthunzi, ya mthunzi kapena ya utsi?

Ya nthunzi. Nthunzi imachokera m'madzi owira, utsi umachokera pamoto, mthunzi ndi wa pansi pa mtengo. Injiniyi imafuka utsi chifukwa imawotcha malasha, koma chimene chimaiyendetsa ndi nthunzi. Samalaninso mgwirizano: timati nthunzi yotentha, koma mthunzi wozizira.

Funso: Ndinamva kuti mawu akuti sitima akukhudzana ndi Watt. Kodi ndiye anapanga sitima? Nanga mawati a pa babu?

Sitima tinabwereka ku mawu a Chingerezi akuti steamer, chombo choyendera nthunzi, monga Ilala yoyamba imene amishoni a ku Scotland anaiyandamitsa pa nyanja ya Malawi mu 1875. Mawuwo anakula mpaka tinayamba kusiyanitsa sitima ya pamadzi ndi sitima ya pamtunda, ndipo lero ngakhale yoyendera dizilo timaitchabe sitima, palibe amene amadabwa. Koma Watt sanapange sitima ya pamtunda. Iye ankaopa nthunzi yopanikizidwa kwambiri poganiza kuti ingaphulitse thanki yowiritsira madzi. Amene analimba mtima n'kuyendetsa injini panjanji mu 1804 anali Richard Trevithick.

Mawati ndiwo ake ndithu, chifukwa muyeso wa mphamvuwu anautcha dzina lake pomulemekeza. Iye mwini ankayeza injini poyerekeza ndi mphamvu ya hatchi, kuti ogula adziwe mahatchi angati amene angalowedwe m'malo, ndipo hatchi imodzi ya muyeso umenewo ndi mawati pafupifupi 746. Polemba, dzina la munthuyo lisiyeni momwe lilili, Watt, koma muyesowo ine ndimakonda kuulemba mwa Chichewa ndi chilembo chaching'ono: babu la mawati 60.