Za Colin Powell ndi nkhondo ya ku Iraq

Achimwene, mwafunsa ngati Colin Powell, mkulu wa asilikali komanso nduna yakale ya ku America, anali ngwazi kapena munthu amene ananamiza dziko lonse pa nkhondo ya ku Iraq. Ndaona ena akungoyankha kuti anali wabodza basi. Ine sindikuvomereza, komanso sindikufuna kumuyeretsa, ndiye mundipirire nditalikitseko.

Mkuluyu anabadwa mu 1937 ku Harlem, mumzinda wa New York, kwa makolo ochokera ku Jamaica. Sanapite ku West Point kumene amaphunzira akuluakulu ambiri a asilikali a dziko la America. Anaphunzira za miyala ndi nthaka pa City College of New York, ndipo kumeneko ndi kumene anakopeka ndi maphunziro a usilikali a ROTC. Analowa usilikali mu 1958, nthawi imene kumwera kwa America munthu wakuda ankathamangitsidwa m'malo ena odyera ngakhale atavala yunifomu ya dziko lake. Munthu ameneyu ndiye anadzavala nyenyezi zinayi za ujenerale paphewa.

Kuti mumumvetse, yambani ndi Vietnam, komwe anapitako kawiri. Mu 1963 anaponda nsungwi yosongoka imene adani anatchera m'njira, ndipo inamubaya phazi. Mu 1968 helikopita imene anakwera inagwa, ndipo iye ali wovulala choncho anabwerera kukatulutsa anzake m'chiphwasu cha ndegeyo, kuphatikizapo mkulu wake, Jenerale Charles Gettys. Komatu chimene chinamupweteka kwambiri ku Vietnam sichinali thupi. Anaona anyamata akufa pa nkhondo imene andale sankadziwa kuti aimaliza bwanji.

Kuchokera pamenepo anakhala ndi mfundo zake zimene mpaka lero zimatchulidwa ndi dzina lake. Ankati musatumize asilikali musanayese njira zina zonse, dziwani chimene mukukafuna, onetsetsani kuti anthu kwanu ali nanu, ndipo dziwiranitu potulukira musanalowe. Mukapita, pitani ndi mphamvu zonse kuti zithe msanga. Atakhala mlangizi wa Pulezidenti Ronald Reagan pa zachitetezo, mu 1989 anasankhidwa kukhala mkulu woposa asilikali onse a America, munthu wakuda woyamba pa udindowu, ali ndi zaka 52 zokha. Mfundo zake zinaoneka bwino mu 1991 pochotsa ku Kuwait asilikali a Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq: America inatumiza asilikali oposa 500,000, ndipo nkhondo yapansi inatha m'maola 100. Anapuma ntchito mu 1993 atatumikira zaka 35.

Tsopano pamene pali funso lanu. Mu 2001 Pulezidenti George W. Bush anamusankha kukhala nduna yoona za maubale ndi mayiko akunja. Mkati mwa boma, Powell ndiye ankakayikira nkhondo ya Iraq kuposa anzake monga Dick Cheney, wachiwiri kwa pulezidenti, ndi Donald Rumsfeld, nduna ya zachitetezo. Mu 2002 anachenjeza Bush kuti mukagwetsa boma la Iraq, mavuto onse a anthu akumeneko adzakhala pamutu panu, ndipo anaumirira kuti nkhaniyi ipite kaye ku United Nations. Koma pa 5 February 2003 iye yemweyo anakhala pamaso pa bungweli, George Tenet, mkulu wa bungwe la akazitape la CIA, ali kumbuyo kwake, nakweza kabotolo kakang'ono pofotokoza kuopsa kwa tizilombo ta matenda a anthrax. Anatsimikizira dziko kuti Iraq ili ndi zida zoopsa zopha anthu miyandamiyanda, kuphatikizapo magalimoto opangiramo tizilombo ta matenda. Nkhondo inayamba mwezi wotsatira, koma zidazo sizinapezeke. Munthu amene anabweretsa nkhani ya magalimoto aja, amene akazitape ankamutcha Curveball, anadzaulula yekha kuti anangopeka.

Kodi Powell ananama dala? Ine ndikukhulupirira kuti ayi. Asanakalankhule anakhala masiku angapo ku likulu la CIA akusefa umboni, ndipo zina anazikana. Mu 2005 anavomera poyera kuti mawu a tsiku lija ndi banga pa mbiri yake. Koma pomwe ndikumupezera mlandu ndi apa: anamutuma iyeyo chifukwa ndi amene anthu ankamukhulupirira, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Ambiri amene ankakayikira Bush anasintha maganizo chifukwa walankhula ndi Powell. Ndipo nkhondo imeneyi inkaphwanya mfundo zake zomwe, pakuti asilikali anali ochepa ndipo potulukira panalibe.

Ena muno mwanena kuti msilikali samakana lamulo la mkulu wake. Zoonadi, ndipo mwambo umenewu ndi umene unamukweza kuchokera pansi. Koma mu 2003 sanali mu yunifomu, anali nduna, ndipo nduna imatha kutula pansi udindo. Ku Britain, nduna ina, Robin Cook, anatula pansi udindo wake m'boma la Tony Blair mu March 2003, nkhondo isanayambe, chifukwa chosagwirizana nayo. Powell anakhalabe pampando mpaka January 2005, nthawi imene anthu zikwizikwi a ku Iraq komanso asilikali a America oposa 1,000 anali atafa kale.