Za nsagwada ya ku Karonga ija, ndi mmene amawerengera zaka zake

Achimwene mwafunsa kuti kodi ndi zoona munthu woyamba padziko anapezeka ku Karonga, nanga zaka mamiliyoni amatchulazo amaziwerenga bwanji, si zongopeka kodi? Ndawerenga ma comment onse, ena angothamangira kukusekani, ena ayamba kale kutukwanizana za mipingo, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, mupirire kutalikaku. Ine ndi mphunzitsi chabe, koma ndinapitako ndi ana asukulu ku myuziyamu ya ku Karonga ija inatsegulidwa mu 2004, ndipo chichokereni kumeneko nkhani imeneyi yangondikakamira.

Poyamba pomwe, ayi, si munthu woyamba. Chomwe chinapezeka ndi nsagwada ya m'munsi yokhala ndi mano ake, pamalo otchedwa Uraha cha ku Chilumba uko, mu 1991. Gulu lofufuzalo ankalitsogolera ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America, koma m'gulumo munalinso Amalawi amene ankayenda m'zigwembe dzuwa lili pamutu maso ali pansi. Nsagwadayo anaipatsa nambala UR 501 ndipo amati ndi ya mtundu wotchedwa Homo rudolfensis, zaka zake pafupifupi 2.4 miliyoni. Nthawi imeneyo inali m'gulu la mafupa akale kwambiri a banja la Homo, banja lomwe ifenso tilimo, n'chifukwa chake mbiri inawanda mpaka kufika poti "munthu woyamba ndi wa ku Karonga", mukudziwa mmene nkhani imanenepera ikamayenda. Koma mu 2013 ku Ledi-Geraru ku Ethiopia anatola nsagwada ina ya zaka 2.8 miliyoni, ndiye yathuyi inapitiriridwa. Ndipo mukabwerera m'mbuyo kuli mafupa a cholengedwa choyenda ndi miyendo iwiri chimene anachitcha Lucy, cha ku Ethiopia konko, cha zaka 3.2 miliyoni, kuli mapazi a ku Laetoli ku Tanzania amene anadinda pa phulusa lonyowa zaka zoposa 3.6 miliyoni zapitazo. Ine mapazi amenewa ndikawaona pa chithunzi ndimangokumbukira za Kaphirintiwa, zoti agogo athu nawonso ankaloza mapazi pathanthwe pofotokoza chiyambi cha anthu, kaya n'chifukwa chani munthu amakhulupirira phazi kuposa china chilichonse.

Komanso aise amene mwalemba kuti munthu wa ku Karongayo ankathamangitsidwa ndi chinyama chachikulu chili pakati pa myuziyamu chija, pepani kkkk. Chinyamacho ndi dinosaur yotchedwa Malawisaurus, inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nsagwadayi ndi ya zaka 2.4 miliyoni, sanaonanepo olo m'maloto. Angopezeka m'boma limodzi basi.

Tsono pa funso lenileni la zaka, apa ndi pomwe pamandikomera ine. Anthu ambiri amangodziwa za njira yoyeza kaboni wotsala m'fupa kapena m'makala, koma njira ya kaboni imathera cha pa zaka 50,000, kupitirira apo ilibe ntchito. Ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania ali ndi mwayi chifukwa kuli mapiri ophulika amene ankamwaza phulusa nthawi ndi nthawi, phulusalo n'kukwiririka, pamwamba pake dothi, kenako phulusa lina, kumangosanjikizana choncho ngati mabulangete. M'phulusa muja muli timiyala tokhala ndi potassium amene amasanduka mpweya wotchedwa argon pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, losasintha kaya kutenthe kaya kuzizire, ndiye ku labu akayeza kuti wasanduka ndi wochuluka bwanji amadziwa kuti phirilo linaphulika liti. Fupa likapezeka pakati pa phulusa la pansi ndi la pamwamba ndiye kuti zaka zake zili pakati pomwepo, palibe kuchitira mwina.

Vuto ndi loti m'nthaka ya ku Karonga ija amaitcha Chiwondo Beds mulibe phulusa labwino loti n'kuyeza chonchi. Ndiye anatani? Anafunsa nkhumba. Zoonadi, nguluwe ndi njiri zakalekale. Mano a m'mbuyo a nkhumba zam'tchire zimenezi ankasintha msanga, m'badwo ndi m'badwo kumanka natalika komanso kukula chifukwa chodya udzu wolimba, ndipo ku Omo ku Ethiopia mano amenewa anawapeza atandandalika bwinobwino pakati pa phulusa loyezedwa kale, moti katswiri akangoona dzino amadziwa kuti ili ndi la nyengo yakuti. Ndiye ukapeza dzino la mtundu womwewo pa mzere wa dothi umodzi ndi nsagwada ya ku Uraha, wadziwa nyengo yake. Zili ngati mwatola jekete yakale m'sutikesi ya agogo, m'thumba mwake muli ndalama yapepala ya nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu, simungatchule tsiku lenileni koma simunganenenso kuti jeketeyo anaivala komaliza chaka chatha. N'chifukwa chake mukawerenga bwino samati 2.4 ndendende, amati pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni. Ine munthu amene amakuuza yekha malire a zomwe wayeza ndimamukhulupirira kuposa uja amangoti "ndikudziwa ine".

Ndipo kuleza mtima kwake si kwamasewera, dzino limodzi la nsagwadayo linali lobenthuka, chaka chotsatira anabwereranso pamalopo n'kusefa mchenga milumilu mpaka kachidutswako anakapeza. Ine ufa wa phala lomwe ndimatopa nawo kusefa.

Mu 1996 ku Malema, kufupi ndi tauni ya Karonga, anapezanso chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ya mtundu wina, Paranthropus boisei, chimunthu cha mano akuluakulu ngati mphero, cha nyengo yomweyo. Kutanthauza kuti mitundu iwiri ya zolengedwa zoyenda ndi miyendo iwiri inkakhala dera limodzi nthawi imodzi. Apa ndi pomwe chithunzi chija cha m'mabuku, cha nyani akudzuka pang'onopang'ono mpaka kusanduka bambo wonyamula mkondo, chimanamiza anthu. Sunali mzere umodzi ayi, chinali chitsamba cha nthambi zambiri, zambiri zinauma, yatsala yathuyi. Ndipo asayansi sanena kuti tinabadwa kwa nyani amene amaba chimanga m'munda mwanu, amati ife ndi chimpanzi tinasiyana kuchokera kwa kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ngati mmene inu simunabadwire kwa msuweni wanu koma agogo ndi amodzi. Za mmene zimenezi mungazigwirizanitsire ndi chikhulupiriro chanu ndikusiyirani nokha ndi abusa anu, ine Lamulungu ndimapita kutchalitchi ndipo tulo ndimagona bwinobwino.

Koma nkhani imene ndimaona kuti Amalawi sitiidziwa, ndipo kwa ine imaposa ya nsagwada, ndi ya nyanja. Mu 2005 asayansi anamanga makina oboolera pa chombo cha Viphya n'kuboola pansi pa nyanja ya Malawi, pamalo pomwe madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600, n'kutulutsa matope otalika mamita 380 m'mapaipi. Pansi penipeni pa nyanja yathu palibe mpweya, ndiye palibe tizilombo tovundula matope, chilichonse chogwera pamenepo chimangogona mmene chagwera, chaka pamwamba pa chaka, mpaka zaka 1.3 miliyoni. Muli mungu wa mitengo ndi udzu umene unauluka ndi mphepo, muli makala a moto wolusa, muli tizigoba ta tizilombo ta m'madzi osaya. Ukapeza tizigoba ta m'madzi osaya pamalo pomwe lero pali madzi mamita 600, wadziwa kuti nthawi ina nyanja inaphwa. Ndipo inaphwadi koopsa. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoti madzi anatsika ndi mamita oposa 500, pafupifupi 95 peresenti ya madzi onse inatha, kunangotsala kanyanja kamchere pozungulira pali pouma ngati chipululu. Tangoganizani, ife nyanja ikangokwera pang'ono n'kulowa m'malodge ku Mangochi dziko lonse limayankhula, nanga mamita 500?

M'matope omwemo anapezanso phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, phulusa kuuluka ulendo wonsewo kudzagwera kwathu kuno. Ena ankati kuphulika kumeneko kunazizira dziko lonse mpaka anthu kutsala pang'ono kutheratu, koma matope a pansi ndi a pamwamba pa phulusalo sakuonetsa kuti kuno nyengo inasintha kwenikweni, ndiye ganizo lija linafooka.

Kenako gulu la wofufuza wina, Jessica Thompson, linakumba malo ambiri kumtunda ku Karonga, kuphatikizapo pa mudzi wa Mwanganda pomwe katswiri wina, J. Desmond Clark, anapeza mafupa a njovu ndi zida zamiyala m'ma 1960. Kumeneko zaka amayezera mchenga, chifukwa kambewu ka mchenga kakakwiririka kamayamba kusunga mphamvu inayake yochokera m'nthaka ndipo labu imatha kuwerenga kuti kanaona dzuwa komaliza liti, moti potenga mchengawo amakhomerera paipi kuti kuwala kusalowe. Anapeza kuti zida zamiyala zinayamba kuchuluka cha m'ma 92,000 zapitazo. Atafananiza ndi matope a m'nyanja anaona chodabwitsa, kale konse mvula ikabwerera nyanja n'kudzadza, nkhalango nayo inkabwerera ndi mitengo yamitundumitundu, koma cha pa zaka 85,000 nyanja inadzadza, mvula ilipo, nkhalango osabwereranso ngati kale, makala kumangochuluka, nthaka kumakokoloka kuchoka m'mapiri. Mu 2021 anasindikiza kuti chomwe chikufotokoza bwino zimenezi ndi anthu otentha tchire. Ndinaseka ndekha nditawerenga, chifukwa kwathu mwezi wa Ogasiti ukafika anyamata a mbewa samagona, ndiye kuteroku khalidweli ndi lamakedzana chonchi eti. Osati ndikuikira kumbuyo ayi, nthawi imeneyo anthu anali ochepa, lero tadzadza ndipo phiri lililonse lameta mpala.

Funso lina limene mwina likubwera ndi loti ndiye anthu amenewa ndi agogo athu enieni? Apa ambiri amakhumudwa. Ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira cha ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza anafukula mafupa a anthu osaka nyama ndi kutola zipatso, ndipo anakwanitsa kutulutsamo DNA, ena a ku Hora ndi a zaka zoposa 8,000, ena kuposa 14,000. Atafananiza ndi Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a lero anapeza kuti magazi a anthu aja mwa ife mulibe kapena ndi ochepetsetsa. Makolo athu olima ndi kusula zitsulo anabwera mochedwa, m'zaka 2,000 zapitazi, anapeza eni dera alipo kale, aja nthano zimati Akafula, a "mwandionera pati" aja, amenenso anajambula zithunzi zofiira m'mapanga a ku Chongoni. Ndiye agogo akamati tinapeza anthu afupiafupi kuno sankanama, DNA yangobwera kudzavomereza kuti kunalidi anthu ena.

Wina wafunsanso m'munsimu za chigaza cha ku Kabwe ku Zambia chimene anthu a mumgodi anachipeza mu 1921, inde chili ku London mpaka lero ndipo a Zambia akhala akupempha kuti chibwerere kwawo. Imeneyo ndiyankha mawa, bandulo yanga yatsala pang'ono kutha ndipo ndili ndi makope a ana awiri makalasi oti ndichonge.