Kwa achimwene ofuna kugula Alfa Romeo GTV yomwe yakhala zaka isakuyenda

Achimwene, mwafunsa ngati nkwanzeru kugula Alfa Romeo ya zitseko ziwiri yomwe mwaipeza ku Benoni. Mwiniwake akuti ndi 1750 GTV, yakhala m'galaja zaka 12, ndipo akuti "yangotsala batire ndi penti basi". Inu mukufuna muziikonza pang'onopang'ono, tsiku lina mudzapite nayo kumudzi. Mukapitanso kumeneko, za injini muyambe mwazisiya kaye. Tengani tochi, maginito ndi sikuludiraiva, mugone pansi. Pa galimoto iyi injini ndi giyabokosi zimakonzeka pa mtengo woti mutha kuwerengeratu, koma thupi lodyedwa ndi dzimbiri ndi lomwe limachititsa kuti ntchito ithere panjira.

Choyamba tsimikizani kuti ndi galimoto yomwe akunenayo. Thupi ili anajambula ndi Giorgetto Giugiaro ali ku Bertone, linatuluka mu 1963, ndipo Alfa inaligwiritsa ntchito zaka zoposa 10 pa mitundu ingapo: GT Junior ya 1290cc ndi ya 1570cc, 1750 GTV ya 1779cc, ndi 2000 GTV ya 1962cc. Poti thupi ndi limodzi, kusandutsa Junior kuti ioneke ngati GTV nkosavuta, amangosintha mabaji, nyali ndi mipando. Nambala ya chasesi inadindidwa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Ya chiwongolero chakumanja, 1750 GTV ndi mtundu 105.45, 2000 GTV ndi 105.22, pomwe GT 1300 Junior ndi 105.31. Nambala ya injini ya 1750 imayamba ndi 00548, ya 2000 ndi 00512, ya 1300 Junior ndi 00530. Mukapeza injini ya 2000 m'thupi la Junior si tchimo, imayenda bwino kwambiri, kungoti musalipire mtengo wa GTV. Ubwino wogulira ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Benoni, ndi woti Alfa inkalumikiza magalimoto ake mu South Africa momwemo mpaka 1985, motero a chiwongolero chakumanja alipo ndithu, ndipo mphepo yakumeneko ndi youma. Komabe funsani komwe galimotoyo inakulira. Yomwe inakhala zaka ku Durban kapena ku Cape Town inamwa mchere wa kunyanja, ngakhale lero ili ku Benoni.

Tsopano dzimbiri, pomwe pagona nkhani yonse. Galimotoyi ilibe chasesi chapadera ngati cha Hilux; thupi lomwelo ndi lomwe limanyamula injini, masipiring'i ndi anthu. Mphamvu yake yaikulu ili m'zitsulo ziwiri zoyenda m'mbali pansi pa zitseko, zomwe owongola magalimoto amati sill. Iliyonse ili ndi zitsulo zitatu zophatikizana: chakunja chomwe mumachiona, chapakati, ndi chamkati chogwirana ndi pansi pa galimoto. Matope amaunjikana kuseri kwa tayala lakutsogolo, timabowo totulutsa madzi timatsekeka, ndiye dzimbiri limayambira mkati kutulukira kunja. Pofika poti penti yatupa panja, chapakati chija chinatha kalekale. Okonza mwachinyengo amangowotcherera lata latsopano pamwamba pa chowolacho, kupaka fila (phala lomatira ndi kusalaza malata), kupopera penti yakuda pansi, basi. Kuti muwagwire, kulungani maginito m'kansalu muyendetse m'mbali monsemo. Pomwe sakugwira pali fila. Kenaka ikani jeke pamalo ake enieni, mukweze galimoto pang'ono, mutsegule ndi kutseka chitseko. Chikayamba kukhula kapena mpata wake ukasintha, thupi likupindika. Mukamva kuphwanyika ngati jeke ikulowa mkati, tsitsani msanga, yankho mwalipeza.

Mukachoka apo tukulani makapeti onse, makamaka poponda mapazi kutsogolo ndi pamene nsanamira ya chitseko ikumana ndi pansi. Kansalu kochepetsa phokoso komwe kali pansi pa kapeti kamasunga madzi. Chotsani tayala la sipeya muone m'dzenje lake. Onani pansi pa batire, chitsulo chopingasa pansi pa lediyeta, m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mozungulira matayala akumbuyo, ndi pansi pa labala wa galasi lakumbuyo. Tukulani labalayo pang'ono ndi chala. Malo awiri ndi okhudza moyo wanu: pomwe mikono yogwira ekiselo yakumbuyo imangidwa ku thupi, ndi pomwe pamangidwa bokosi la chiwongolero. Pachiwiripa uzani mnzanu azigwedeza chiwongolero uku ndi uku matayala ali pansi, inu mukuwunika. Chitsulo cha thupi chimang'ambika mozungulira mabawuti, ndipo bokosi la mtundu wa Burman, poti ndi la aluminiyamu, nalonso limachita ming'alu. Dziwaninso kuti mapiko akutsogolo ndi owotcherera, si omanga ndi mabawuti, ndiye "kungosintha phiko" ndi ntchito ya masiku.

Ngati ma sill onse awiri, pansi ndi pomangira mikono yakumbuyo zonse zawola, isiyeni, pokhapokha ngati mumawotcherera nokha. Ngati kwawola malo amodzi kapena awiri, gulani koma mtengo utsike. Mmisiri amene mudzamupatse ntchitoyi mumufunse funso limodzi: adzayamba ndi chiyani? Wodziwa amayamba wawotcherera zitsulo zochirikiza pakhomo la chitseko asanadule kalikonse, amasiya zitseko zili pomwepo kuti aziyezera mipata, ndipo amamaliza mbali imodzi asanakhudze inayo. Akadula mbali zonse nthawi imodzi thupi limakhota, zitseko sizidzatsekanso bwino mpaka kalekale. Awotcherere ndi makina a MIG; moto wa gasi umapinda malata opyapyalawa. Akamaliza apopere phula loteteza dzimbiri m'kati mwa ma sill ndi m'zitseko, ndi kusiya timabowo ta madzi totsegula.

Za injini. Musalole mwiniwake kuikamo batire nkuiliza kuti akusangalatseni. Chotsani mapulagi onse 4, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, idikire usiku umodzi, kenaka muizungulitse ndi sipanala pa nati ya pule yakutsogolo. Ikakana musaikakamize ndi sitata. Ikazungulira, khuthulani oyilo wakale, ikani fyuluta yatsopano ndi oyilo wa 20W-50. Sampu yake ndi yaikulu, konzekerani malita 6 mpaka 7. Petulo wa zaka 12 atayidwe, thanki itsukidwe, ndipo poyesa koyamba imwe kuchokera m'kachigubu koyera. Izungulitseni ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka geji ya oyilo itakwera. Poyeza kompulesheni musadandaule kwambiri ndi nambala yeniyeniyo, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo manambala amatsika kusiyana ndi kunyanja. Chofunika nchakuti masilinda onse asasiyane kupitirira 10 pa 100 iliyonse.

Injini iyi ndi ya aluminiyamu yonse, ya makamushafiti awiri oyendetsedwa ndi tcheni, ndipo masilinda ake ndi mapaipi achitsulo ochotseka okhala m'madzi. Matenda ake odziwika ali pa gasiketi ya hedi. Oyilo amakwera kupita ku makamushafiti kudzera m'timabowo 6, kalikonse kotsekedwa ndi kalabala kozungulira. Timalabalati tikauma kapena kusuntha, oyilo amalowa m'madzi, mu lediyeta nkumapezeka zinthu zonga phala lofiirira, kapena amatsikira m'mbali mwa injini. Injini ya 2000 ndi yomwe imachita izi kwambiri. Mankhwala ake ndi timalabala ta Viton (labala wopirira kutentha ndi oyilo) ndi timapaipi tachitsulo tokhomera m'mabowomo kuti labala asathawe. Pochotsa hedi pali manati 10 pamwamba ndi mabawuti ena awiri obisika kutsogolo chapansi, omwe ambiri amawaiwala nkumamenya hedi pachabe. Musanamasule tcheni, tsekani mpata ndi nsalu kuti kolumikizira kake kasagwere m'sampu. Ndipo ichi muuzeni makaniko kawiri: hedi ikangochoka, masilinda apanikizidwe pansi ndi mawashala aakulu ndi timapaipi pa masitadi, injini isanazungulitsidwe ngakhale pang'ono. Silinda ikanyamuka, labala wake wapansi amatayikira, madzi amatsikira mu oyilo, ndipo injini yonse iyenera kuphwasulidwa. Hedi ikakana kutuluka, ndi dzimbiri la pa masitadi. Ithireni mafuta omasula kwa masiku angapo, musailowetse tchizulo pakati. Mukabwezera, manati amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) motsata buku la injini yanuyo, kenaka amangidwenso galimoto ikayenda makilomita pafupifupi 1,000. M'lediyeta muzikhala antifreeze theka madzi theka ngakhale kwathu kotentha, chifukwa madzi okha amadya aluminiyamu.

Geji ikaonetsa oyilo wochepa mphamvu injini itatentha, yesani kaye ndi geji ina yapamanja, poti yapadashibodi imanama kawirikawiri. Ikatsimikizika, mwina ndi mabeyaring'i, mwinanso katsekero ka aluminiyamu katuluka m'kirankishafiti. Mpata wa mavavu ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo umasinthidwa ndi timashimu tokhala pansi pa makamushafiti, osati ndi sikuludiraiva. Tcheni chapamwamba chikamalira, pali bawuti kutsogolo kwa hedi yomasula pang'ono kuti sipiring'i ikoke tcheni, kenaka nkumanganso, musaitulutse yonse.

Makabureta ndi awiri, Weber 40 DCOE, Dell'Orto kapena Solex. Musanawakhudze, onani malabala omwe amawalumikiza ku injini. Amang'ambika, injini nkumakoka mpweya wakuba, ndiye makaniko amatha sabata akusintha majeti pomwe vuto ndi labala. Poperani mankhwala otsukira kabureta pamenepo injini ikulira. Kaliridwe kakasintha, mwapeza. Onaninso ngati kachitsulo kochirikiza makabureta kuchokera pansi kalipo.

Giyabokosi ndi ya magiya 5, ndipo pafupifupi yonse imakhula polowa giya yachiwiri ikazizira. Izi zisakuopseni, zingotsitsa mtengo. Labala wamkulu wa propshaft (mtanda wopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo) kumbuyo kwa giyabokosi musinthe musanayende, chifukwa akaduka pa liwiro amaswa zapansi.

Mabuleki ndi a madisiki matayala onse 4, ndipo pa galimoto yokhalitsa chonchi musakambirane: makalipa aphwasulidwe, mapaipi onse a labala asinthidwe, mafuta akhale atsopano. Galimoto za chiwongolero chakumanja zili ndi mapedulo ochokera pansi, master cylinder (pampu ya mafuta a mabuleki) ili kunsi kwa galimoto komwe imamwa madzi ndi fumbi, ndipo zambiri zili ndi ma servo awiri (owonjezera mphamvu ya mabuleki) m'chipinda cha injini. Mafuta a mabuleki akamachepa koma pansi osaoneka dontho, kwinaku ku ekizozi kukutuluka utsi woyera, ndiye kuti servo ikudontha mkati ndipo injini ikuwayamwa. Kanthu kena komwe kamathyoletsa masitadi ambiri: pa magalimoto oyambirira a mtunduwu, manati a matayala akumanzere amamasukira mbali yosemphana. Nati ikakana, yesani kupotoza mbali inayo musanaitane anyamata amphamvu.

Zipangizo zilipo, mpaka malata a thupi, kwa ogulitsa monga Alfaholics ndi Classic Alfa ku Britain kapena OKP ku Germany, kungoti mumalipira mu mapaundi ndi mayuro. Zovuta kupeza ndi zing'onozing'ono: mipando yoyenera, mageji, zitsulo zonyezimira, girilo. Choncho galimoto yathunthu yosaoneka bwino ndi yabwino kuposa yowala yomwe zina zili m'makatoni. Ndalama iyambe kupita ku thupi, mabuleki ndi chiwongolero. Penti ndi mipando pamapeto.

Mapepala musawatenge mopepuka. Nambala ya chasesi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili pa satifiketi ya NaTIS (kaundula wa magalimoto wa ku South Africa), dzina likhale la amene akugulitsayo, ndipo mufufuze ngongole ya laisensi ya zaka zonsezi kuti mudziwe wolipira. Injini ikakhala yosinthidwa pafunika police clearance, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba. Galimoto yolembedwa code 3 m'kaundulayo (yomangidwanso itaonongeka) mtengo wake ndi wotsika, ya code 4 (yophwasuliratu) sidzabwereranso pamsewu. Kuti ituluke m'dziko pafunika chilolezo chotumizira kunja ndi kalata ya apolisi ya SARPCCO (mgwirizano wa apolisi a mayiko a kummwera kwa Africa), ndipo a MRA afunseni msonkho musanagule, chifukwa umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Ikadzafika kumudzi, kumbukirani kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amadya mapaipi akale a labala. Ikani mapaipi a petulo a mtundu wa R9, opirira ethanol. Sampu yake ili pafupi kwambiri ndi nthaka, ndiye pa mahampu ndi maenje a misewu yathu chitsulo choteteza sampu chikhalepo isanadutse pa Mwanza.

Mukapitako Loweruka, jambulani nambala ya chasesi, ya injini, kunsi kwa ma sill onse awiri, m'dzenje la sipeya ndi pomangira bokosi la chiwongolero, munditumizire tione musanapereke ngakhale dipoziti.