Kodi pick yodula ingakonze kamvekedwe ka gitala yanu?

Mmodzi mwa owerenga athu watumiza pa imelo funso ili lokhudza pick, kapulasitiki kakang’ono komenyera nsambo za gitala: “Achimwene, ndakhala ndikuyimba gitala ya akustiki ya nsambo zachitsulo kwa zaka ziwiri. Ndimagwiritsa ntchito ma pick a 0.60 mm. Pokhwatcha makodi zimayenda bwino, koma ndikayamba kudoda noti imodziimodzi mawu amatuluka ofooka, ndipo pamamveka kaphokoso ka pulasitiki. Ndaona ma pick ena oti mtengo wa imodzi ungagule ma pick wamba makumi angapo. Ndigule, kapena ndi nzeru za otsatsa malonda basi?”

Zikomo achimwene chifukwa cha funsoli. Musagule kaye. Ma pick odulawo si achinyengo, alipo amene amagwiradi ntchito yoyenera mtengo wake, koma vuto mwalongosolali likuchokera pa kupyapyala kwa pick yanu, ndipo pick yotchipa yokhuthala ikhoza kulithetsa lero lomwe. Pick yodula imathandiza munthu amene akudziwa kale makulidwe, kukhuthala ndi nsonga imene dzanja lake limafuna. Mukagula musanadziwe zimenezi, mwayi woti mugula yolakwika ndi waukulu.

Tiyambe ndi zimene zimachitika pick ikakhudza nsambo. Dzanja limakankha, nsambo imakana, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chimayenera kugonja. Pick ya 0.60 mm imagonja msanga: imapindika, kenako n’kudumpha nsamboyo ndi kukamenya yotsatira. Mphamvu ya dzanja lanu yambiri imathera m’kupinda pulasitikiyo m’malo mosuntha nsambo, n’chifukwa chake noti imatuluka yowonda. Kaphokoso mukukamvako ndi pick ikuwongoka. Palinso kuchedwa pang’ono pakati pa nthawi imene dzanja ladutsa ndi nthawi imene nsonga yamasula nsambo, ndipo kuchedwako kumasintha malinga ndi mmene mwamenyera. Pa makodi zimenezi sizivuta, mwinanso zimakometsa, chifukwa pick yofewa imasalaza mawu a nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Pa noti zothamanga zimasokoneza kayendedwe ka nyimbo.

Chimene ambiri sachidziwa n’chakuti kuuma kwa pick sikukwera mofanana ndi kukhuthala kwake. Pick ikakhuthala kawiri, pulasitiki yake ili yomweyo, imauma kasanu ndi katatu. Kuchoka pa 0.60 kufika pa 0.88 mm kumaoneka ngati kusintha kochepa, koma pick yachiwiriyo ndi youma kuposa katatu. Palibe pulasitiki yapamwamba imene ingasinthe kayimbidwe kanu kuposa pamenepa.

Choncho gulani ma pick otchipa a mtundu umodzi koma osiyana kukhuthala. Tortex ya kampani ya Dunlop ndi yosavuta poyesera chifukwa kukhuthala kulikonse kuli ndi mtundu wake: yofiira ndi 0.50, yaolenji 0.60, yachikasu 0.73, yobiriwira 0.88, yabuluu 1.0, yapepo 1.14 mm. Tengani yachikasu, yobiriwira ndi yapepo, ndipo iliyonse muipatse sabata yathunthu. Masiku oyamba pick youma idzakhala ngati ikukodwa mu nsambo. Chifukwa chake n’chakuti munazolowera kuigwira mothina, popeza yopyapyala ija inkapindika yokha. Youma imafuna kugwiridwa momasuka kuti izigwedezeka pang’ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Nsonga yotulukira kunja kwa zala isapitirire mamilimita 3 kapena 4, ndipo muipendeketse pang’ono kuti izikumana ndi nsambo ndi m’mphepete mwake, osati ndi nkhope yonse.

Mukapeza kukhuthala koyenera, yesani maonekedwe. Amene anthu ambiri amawadziwa ndi a nambala 351, amene anatchuka ndi kampani ya D’Andrea ya ku New York ndipo kenako Fender. Jazz III ya Dunlop ndi yaying’ono, yosongoka, yokhuthala 1.38 mm, ndipo imakondedwa ndi oyimba noti zothamanga. Palinso zikuluzikulu za makona atatu, zimene zimapatsa zala malo ambiri ogwira komanso nsonga zitatu zosinthanitsa. Nsonga yosongoka imamasula nsambo mwachangu ndipo mawu amamveka akuthwa. Yobulungira imatsetsereka pa nsambo kwa kanthawi, ndipo mawu amamveka onenepa. Mungamve kusiyanaku popanda kugula kanthu: tembenuzani pick yanu ya 351 muyimbire ndi phewa lake lobulungira lija.

Tsopano tifike pa zimene ndalama zambirizo zimagula. Kale oyimba ankasirira ma pick osemedwa ku chigoba cha kamba wa m’nyanja wotchedwa hawksbill, chifukwa chinali cholimba, chosalala, komanso chosaterera m’zala. Kambayu ali pangozi yotheratu, ndipo malonda a chigoba chake pakati pa mayiko analetsedwa pansi pa CITES, pangano la mu 1973 loyang’anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotheratu. Munthu akakutsatsani pick yoti ndi ya kamba weniweni, ikaneni. Ma pick odula ambiri a masiku ano ndi kuyesetsa kupeza zimene chigobacho chinkapereka. Ena, monga a Red Bear, amapangidwa ndi casein, puloteni ya mu mkaka youmitsidwa. A Blue Chip a ku Tennessee amasemedwa ku pulasitiki ya m’mafakitale yopirira kutentha ndi kukhulana, imene ndi yodula ngakhale isanasemedwe. V-Picks ndi Gravity amagwiritsa ntchito kwambiri acrylic, pulasitiki yooneka ngati galasi. Wegen wa ku Netherlands amadziwika ndi ma pick okhuthala mamilimita angapo amene oyimba nyimbo za mtundu wa gypsy jazz amakonda.

Phindu loyamba ndi kusaperepeseka msanga. Nsambo zokulungidwa ndi kawaya, zinayi zapamwamba pa gitala ya akustiki, zimadya pulasitiki pang’onopang’ono. Celluloid, pulasitiki ya ma pick ambiri wamba, imatha msanga ndipo m’mphepete mwake mumachita timano. Delrin, pulasitiki imene amapangira Tortex, imakhalitsako koma nsonga yake imabulungira. Pick ikasintha nsonga, mawu nawo amasintha, ndipo dzanja limayamba kuzolowera chinthu chimene chikusinthasintha. Pulasitiki ya Blue Chip imaperepeseka pang’ono kwambiri moti pick imodzi ikhoza kukhala zaka ili chimodzimodzi. Kwa munthu woyimba maola ambiri tsiku lililonse, kusasinthaku ndi phindu lenileni. Koma kumagwira ntchito pokhapokha pick isatayike, ndipo ma pick ambiri amatayika asanathe. Ngati anu amasowa mwezi uliwonse, kulimba kwa yodulayo sikudzakubwezerani kanthu.

Phindu lachiwiri, limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse, lili m’mphepete mwa nsonga. Ma pick wamba amaumbidwa m’chikombole kapena kudulidwa ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo m’mphepete mwake mumangobulungidwa mofanana mbali zonse. Pa pick yopyapyala zimenezi zilibe kanthu. Koma pick ikafika 1.0 mm kupita m’mwamba, m’mphepete mwake mumakhala malo aakulu okhudza nsambo, ndipo mukakhala mosasalala pick imakwekwesa ndi kukodwa. Opanga ma pick odula amasenda m’mphepete mwa nsonga mopendekera, chimene amachitcha bevel, kenako n’kupukuta mpaka kunyezimira. Nsambo imatsetsereka pa kupendekerako n’kumasuka popanda kukokana. Mawu amatuluka oyera, ndipo dzanja limadutsa nsambo ndi mphamvu yochepa.

Bevel imeneyi imatsanzira mmene pick yakale imaperepesekera m’dzanja la woyimba. Tengani pick yanu imene yagwira ntchito nthawi yaitali muiyang’anitsitse pa kuwala. Mudzaona kuti nkhope imodzi yadyeka mbali imodzi ya nsonga, ndipo nkhope inayo yadyeka mbali ina. Malo amodzi anadyedwa pomenya motsitsa, enawo pomenya mokweza. N’chifukwa chake ma pick odula amagulitsidwa a dzanja lamanja ndi a lamanzere. Apa m’pamene anthu amataya ndalama: pali oyimbira dzanja lamanja amene amapendeketsa pick mosemphana ndi ambiri, ndipo iwowa bevel ya lamanja imawakodwetsa m’malo mowathandiza. Pick yanu yakale ndi imene ingakuuzeni mbali yanu, choncho muifananize ndi chithunzi cha imene mukufuna kugula.

Ntchito ya bevel mungaichite nokha pa pick yotchipa. Sankhani ya 1.0 mm kapena yoposa, ya Delrin kapena ya Ultem, pulasitiki ya mtundu wa uchi imene Dunlop amaigulitsa pa dzina la Ultex. Ultem imapukutika bwino kwambiri. Nayiloni isiyeni, chifukwa imachita ubweya ikakwechedwa. Pezani sandipepa wa manambala 400, 800, 1500 ndi 2000, wa mtundu wololera madzi. Yalani wa 400 pa tebulo losalala, munyowetse pang’ono, ndipo mugwire pick mopendekera pafupifupi madigiri 30. Kwechani mamilimita 5 kapena 6 omalizira a nsonga, mbali yomwe pick yanu yakale inadyeka. Kokerani mbali imodzi yokha, muziwerenga, mwina kakhumi, kenako tembenuzani muchite chimodzimodzi ku nkhope inayo. Mukafika pa maonekedwe ofanana ndi a pick yakale ija, pitani pa 800, kenako 1500, kenako 2000, aliyense mpaka zipsera za wam’mbuyo zitafafanizika. Malizani ndi kachipangizo kopukutira zikhadabo kapena chikopa. Yendetsani chikhadabo m’mphepetemo: chikakodwa penapake, bwererani pa 800.

Zolakwika zake ndi zodziwika. Mukasenda kwambiri mpaka m’mphepete mutachita ngati mpeni, mawu amaonda ndipo nsonga imabenthuka, choncho siyani kamzere kobulungira pakati. Mukalekera pa 400, pick imakwekwesa kuposa poyamba. Ndipo celluloid musaiyike pa makina onolera, chifukwa imayaka moto mosavuta ikatentha. Ngati simukufuna kudzivutitsa, pali ma pick apakatikati monga Primetone, amene ndi Ultex yosendedwa ndi kupukutidwa kale, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa odula aja.

Za kusaterera m’zala ndinena mwachidule. Acrylic, casein ndi pulasitiki ya Blue Chip zimamatirira pang’ono ku chala chikafunda, ngakhale zili zosalala. Ngati thukuta limakuvutitsani, kuboola timabowo titatu kapena tinayi pakati pa pick wamba kumathandizanso.

Kodi womvera adzamva kusiyana? Pa gitala ya akustiki, pododa noti imodziimodzi m’chipinda chabata kapena pojambula nyimbo ndi maikolofoni, inde amamva, makamaka kuchepa kwa phokoso la pick. Pa gitala ya magetsi yokhala ndi distortion yambiri (kukhadzula mawu mwadala) kusiyanako kumachepa, chifukwa ampulifaya imapanikiza mawu onse kuti afanane, ndipo acrylic yokhuthala ikhoza kuwonjezera kakulira kakuthwa pamene ikukhudza nsambo. Ngakhale oyimba otchuka si onse amene amagwiritsa ntchito pick yodula: Brian May wa gulu la Queen amayimba ndi kandalama kachitsulo kakale ka ku Britain ka sixpence, ndipo mawu ake amadziwika dziko lonse. Komanso malo amene mukumenya nsambo amasintha mawu kuposa mtundu wa pulasitiki: pafupi ndi bridge (pamene nsambo zimamangiriridwa pa thupi la gitala) amathwa, pamwamba pa bowo la gitala amanenepa. Nsambo zakale zodzala dothi ndi thukuta nazo zimapha mawu moti pick iliyonse singawadzutse. Ngati zanu zatha miyezi yambiri, sinthani zimenezo poyamba.

Mukapeza mnzanu amene ali ndi pick yodula, ibwerekeni muiyese moyenera. Ikani foni pamalo amodzi, masentimita 40 kapena 50 kuchokera pamene khosi la gitala limalumikizana ndi thupi lake. Yimbani chigawo chimodzimodzi cha nyimbo ndi pick yodulayo, ndi yotchipa ya kukhuthala kofanana, ndi yanu yosenda nokha, mukumenya pamalo amodzi a nsambo. Mnzanuyo asinthe mayina a mafayilo kuti musadziwe yomwe ndi yomwe, ndipo mumvetsere tsiku lotsatira. Kufananiza pick yodula ya 1.25 mm ndi yanu ya 0.60 sikungakuuzeni kanthu za pulasitiki, kungakuuzeni za kukhuthala kokha. Yesaninso ndi metronome, kachipangizo kogunda pa liwiro lokhazikika: onani liwiro limene mumayimba chigawocho mosaphonya ndi pick iliyonse. Ngati yodulayo ikukulolani kuthamanga dzanja lili lomasuka, phindu limenelo ndi loona ngakhale foni isaligwire.

Ikafika nthawi yogula, tengani imodzi yokha, ya maonekedwe ndi kukhuthala kumene mwakhazikikapo. Dziwani kuti Blue Chip amalemba kukhuthala m’magawo a inchi: nambala 40 ndi pafupifupi 1.0 mm, 50 ndi pafupifupi 1.25 mm, 60 ndi pafupifupi 1.5 mm. Pulasitiki zoterezi ndi zouma kuposa nayiloni kapena celluloid, choncho ngati mukukayika pakati pa manambala awiri, sankhani yotsikirapo. Mukasankha casein, musaipinde poiyesa kuuma chifukwa imathyoka, musaitsuke m’madzi, ndipo musaisunge m’thumba la buluku, popeza chinyezi ndi kutentha zimaikhotetsa. Ipatseni malo amodzi okhazikika, kaya kabokosi ka m’chikwama cha gitala kapena kuilowetsa pakati pa nsambo pafupi ndi mutu wa gitala, ndipo izibwerera pomwepo nthawi iliyonse mukamaliza kuyimba.